Kodi Makina Adziwa Kuti Malume Ndani?

Inu amene mukukonzekera nchito ya uphunzitsi, ndiloleni ndiyambe ndi kanthu kamene ndinaona ndi maso anga tsiku lina pamene ndinapita kukayendera mmodzi wa ophunzira athu amene anali kuyesera kuphunzitsa pa sukulu ina ya kumudzi. Phunziro la tsikulo linali la cibale, ndipo ana ake anali a Giredi 3. Mnyamatayo anali atakonzeka bwino ndithu. Zolinga za phunziro zinali zolembedwa mwadongosolo, mafunso anali okonzeratu, ndipo pa bolodi anapacikapo pepala lalikulu pamene anajambulapo banja lonse kuyambira kwa agogo kufikira kwa adzukulu. Pansi pa cithunzi ca mlongo wao wa amai analemba kuti "amalume". Pansi pa cithunzi ca mng'ono wao wa atate analembanso kuti "amalume". Kamtsikana kena kamene kanakhala pa njerwa kumbuyo kwa kalasi kanakweza dzanja, nikati, "Aphunzitsi, ang'ono ao a atate si amalume iai. Amenewo ndi atate aang'ono." Mnyamata uja anayang'ana pepala lake, nayang'ananso kwa ine, kenaka anauza mwanayo kuti akhale cete ndi kukopera zimene zinali pa bolodi.

Phunziro litatha ndinamufunsa kumene anatenga zimene anaphunzitsazo. Iye anatulutsa foni ya m'manja, nandionetsa pulogalamu ina yoyankha mafunso. Anali ataiuza kuti imukonzere phunziro la banja m'Cingerezi ndi kulitembenuzira m'Cinyanja. Cingerezi ciri ndi liu limodzi la amuna awiri onse aja, cotero makina nawonso anaika liu limodzi. Cimene cinandimvetsa cisoni si kulakwa kwa makina. Mnyamatayo anakulira m'mudzi, ndipo kusiyana kwa malume ndi atate aang'ono anakudziwa asanayambe n'komwe sukulu. Koma ataona mau olembedwa bwino pa galasi la foni, anakayikira cinenero cimene anayamwira kwa amai ake, natontholetsa mwana amene ananena zoona.

Maganizo anga pa nkhani imeneyi ndi awa. Makina omasulira nkhani za pa intaneti alibe tanthauzo lina liri lonse kupatula limene anthu analiika poyera m'zolembedwa zao. Cotero kubwera kwa makinawa sikucepetsa nchito ya mphunzitsi wa Cinyanja. Kukuikuza, pakuti tsopano kuphunzitsa mwana kunena tanthauzo la liu momveka ndi mosaphonya kwasanduka nkhani ya moyo wa cinenero ceniceni. Kuti muone cifukwa cake, tiyenera kuyamba tamvetsa mmene makinawa amagwirira nchito.

Loto la ukonde wa matanthauzo

M'caka ca 1989, Mngelezi wina dzina lake Tim Berners-Lee, amene anali kugwira nchito pa malo ofufuzira za sayansi ochedwa CERN pafupi ndi mzinda wa Geneva, analemba maganizo amene anabala World Wide Web, ukonde wa masamba olumikizana umene timawerenga pa intaneti. Masamba amenewa analembedwera maso a munthu. Kompyuta inkatha kuwasunga, kuwanyamula ndi kuwaonetsa, koma zimene anali kunena siinkazidziwa, monga momwe mtengatenga amanyamulira kalata ya maliro ndi kalata ya ukwati m'thumba limodzi osadziwa kuti ina idzaliza anthu ndipo ina idzawavinitsa.

M'mwezi wa Meyi 2001, Berners-Lee pamodzi ndi anzake awiri, James Hendler ndi Ora Lassila, analemba nkhani m'magazini ya Scientific American yofotokoza cimene anacicha Semantic Web, ndiko kunena kuti ukonde wa matanthauzo. Nkhaniyo inayamba ndi fanizo la munthu ndi mlongo wake amene anafuna kupezera amai ao cithandizo ca kucipatala. M'malo moti iwo eni afufuze, anatuma mapulogalamu a pa kompyuta. Mapulogalamuwo anatenga uthenga wa dokotala, anafunafuna zipatala zapafupi zopereka cithandizoco, anayerekeza masiku amene zipatalazo zinali ndi malo ndi masiku amene anawo anali ndi mpata woperekeza amai ao, kenaka anabweretsa ndondomeko yonse kuti eni ake aivomereze kapena aisinthe. Pulogalamu yotere, yotumidwa kukacita cinthu m'malo mwa munthu, ife tingaiche nthumwi.

Nthawi imeneyo ine ndinali kutsidya la nyanja kuphunzira za kapangidwe ka zinenero, ndipo ndikumbukira kuti ife a zinenero tinaseka pang'ono. Tinati, akatswiri a makina afika tsopano pa khomo limene ife takhala tikugogoda zaka mazana, khomo la funso lakuti tanthauzo n'ciani. Koma njira imene iwo anasankha inali yanzeru, ndipo mphunzitsi ali yense wa galamala aizindikira msanga.

Njira ya mbali zitatu

Anagwirizana kuti mfundo iri yonse idzilembedwa m'kaciganizo ka mbali zitatu: cinthu cimene cikunenedwa, ubale wake, ndi cinthu cina cimene cikugwirizana naco. Inu mumaphunzitsa zomwezi pamene muonetsa ana mwininkhani, mneni ndi pamtherankhani. Mwacitsanzo: Lusaka, ndi likulu la, Zambia. Luangwa, uthira m', Zambezi. Zambezi, uthira m', nyanja ya India. Makina akapatsidwa tiziganizo tiwiri totsirizati pamodzi ndi lamulo lakuti madzi a mtsinje wothira mu unzake amapita kumene unzakewo ukupita, atha kunena okha kuti madzi a Luangwa amakafika ku nyanja ya India, ngakhale kuti palibe anawauza zimenezo mwacindunji. Kalembedwe kameneka kamachedwa RDF, ndipo bungwe loyang'anira malamulo a ukondewu, la W3C, linakavomereza mu 1999.

Panatsala bvuto la maina. Dzina lakuti Luangwa ndi la mtsinje, ndi la boma limene kale linkachedwa Feira, ndi la cigwa, ndiponso liri m'maina a nkhalango zosungiramo nyama. Livingstone ndi mzinda, komanso ndi munthu. Mbali inanso, cinthu cimodzi cikhoza kukhala ndi maina awiri, monga mathithi amene ena amati Victoria Falls ndipo ena amati Mosi-oa-Tunya. Kaamba ka ici anaganiza kuti cinthu ciri conse cipatsidwe cizindikiro cakecake cosafanana ndi ca cina, monga nambala ya pa citupa ca munthu, ndipo maina onse a cinthuco, m'zinenero zonse, amangiriridwe ku cizindikiro cimeneco. M'nkhokwe ya mfundo yochedwa Wikidata, imene inatsegulidwa mu 2012, dziko la Zambia liri ndi cizindikiro cakuti Q953, kaya wolifuna alembe m'Cifalansa, m'Ciswahili kapena m'Cinyanja.

Cacitatu, panafunika ndandanda yonena magulu a zinthu ndi maubale amene angakhalepo pakati pao: kuti mtsinje ndi mtundu wa madzi oyenda, kuti munthu ali ndi atate ndi amai, kuti likulu limakhala la dziko kapena la cigawo. Ndandanda yotere amaicha ontology, ndipo cinenero coilembera, ca OWL, cinavomerezedwa mu 2004. Sungani mfundo imeneyi, pakuti pamenepa ndi pamene pagona nkhani yathu ya malume.

Loto lija silinakwaniritsidwe lonse monga momwe analilembera mu 2001, cifukwa eni masamba ambiri analibe nthawi kapena cifuno colemba mfundo zao kawiri, kamodzi kwa anthu ndi kamodzi kwa makina. Komabe mbali zake zinamera mizu. Mu 2011 makampani a Google, Microsoft ndi Yahoo anagwirizana pa ndandanda imodzi yochedwa schema.org, ndipo mu 2012 Google inayamba kuonetsa mayankho acidule pambali pa zotsatira za kufufuza, ocokera m'nkhokwe yake ya mfundo zolumikizana. Mukafunsa foni kuti likulu la dziko lakuti ndi liti, nikuyankhani nthawi yomweyo, mukudya zipatso za maganizo amenewa.

Makina a mtundu waciwiri

Kuyambira mu Novembala 2022, pamene pulogalamu ya ChatGPT inatsegulidwa kwa anthu onse, dziko lazolowera makina a mtundu wina, ndipo ndi amene anasokeretsa wophunzira wathu uja. Amenewa sayembekezera kuti munthu awalembere mfundo m'mbali zitatu. Amadyetsedwa zolembedwa zoculuka kosaneneka, naphunzira kuti liu lakuti limakonda kutsatana ndi mau ati. Pomwepo amatha kulosera liu loyenera kubwera pambuyo pa linzake, kufikira atapanga ciganizo, ndime, ngakhale nkhani yathunthu. Maganizo amenewa si acilendo kwa ife a zinenero. J. R. Firth, katswiri wa zinenero wa ku London, anaphunzitsa m'zaka za m'ma 1950 kuti tanthauzo la liu limaonekera pa mau amene limayenda nawo. Lero makina otere akupatsidwanso mphamvu ya nthumwi: kufufuza m'masamba, kuwerenga, kufupikitsa, kudzaza mafomu ndi kubweretsa yankho.

Mitundu iwiriyi iri ndi zofooka zosiyana. Woyamba sumakonda kupeka, koma umakhala cete pa ciri conse cimene sunalembedwere. Waciwiri suzolowera kukhala cete. Ukasowa cenicenico umatha kupeka cofanana naco, nucinena m'mau osalala ndi molimba mtima. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma yonse iwiri imadalira cinthu cimodzi, ndico zimene anthu analemba. Pamene anthu analemba zambiri ndi zolongosoka, makina amaoneka anzeru. Pamene analemba zocepa, makina amabwereka maganizo a cinenero cina ndi kuwaveka mau athu.

Cinenero ciri conse cimagawa dziko mwa njira yake

Bwererani ku fanizo lija la 2001. Anthu awiri aja Cingerezi cimawapatsa maina awiri, lina la mwamuna ndi lina la mkazi. Ife timati ali yense ndi mlongo wa mnzake. Liu lakuti mlongo silinena kuti munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi; limanena kuti iye ndi amene akumuchulayo ndi osiyana, wina mwamuna wina mkazi. Akakhala onse amuna kapena onse akazi, timayang'ana msinkhu, nitinena kuti mkulu kapena mng'ono. Ana a atate aang'ono ndi ana a amai aang'ono ndi abale athu, koma ana a amalume ndi ana a azakhali ndi asuweni, amene timaseleula nawo mwa njira imene sitingacite ndi mlongo. Ndandanda yopangidwa ndi munthu woganiza m'Cingerezi idzakhala ndi malo a atate, amai, mwana ndi wobadwa naye, ndipo ena onse idzawaunjika m'gulu la acibale.

Wina angati kumeneku ndi kukangana pa mau cabe. Koma pakati pa Acewa malume ndiye mwini mbumba. Ndiye amene amafikiridwa pa nkhani ya ukwati, ndiye amene amaimirira pa mlandu, ndipo ufumu umatsata mzere wa amai, kucoka kwa malume kupita kwa mwana wa mlongo wake. Pakati pa Angoni zinthu zimatsata mzere wa atate. Mwana amene waphunzitsidwa kuti amuna onse a msinkhu wa makolo ake ndi amalume, kapena kuti ndi "ankolo" monga timamvera m'makomboni a m'tauni, wataya mfungulo yomvetsera cifukwa cimene pa maliro munthu wakuti ndiye amalankhula ndipo wakuti amakhala cete. Liu likafafanizika, nzeru imene linanyamula imapita nalo.

Zitsanzo zina muli nazo m'kamwa mwanu. Lembani pa bolodi ciganizo cakuti "Mtengo wa mango wagwa." Wogulitsa pa msika adzamva cina, ndipo amene wagona usiku wa cimphepo adzamva cina. Polankhula, kukwera ndi kutsika kwa liu kumatithandiza kusiyanitsa mtengo wa m'munda ndi mtengo wogulira, monganso khungu la thupi ndi khungu la maso. Koma kalembedwe kathu sikaonetsa zimenezi, cotero makina amaona zilembo zofanana. "Amai abwera" akhoza kukhala munthu mmodzi wolemekezedwa kapena gulu. Munthu akati "ndikataye madzi" sanyamula ndowa, ndipo uthenga wakuti "agogo atisiya" sunena za ulendo wa pa basi. Dzinja ndi nyengo ya mvula ndi kulima, ndipo silingalowe bwino m'ndandanda ya nyengo zinai za ku Ulaya. Ndiwo sizidziwika ndi cimene zapangidwa naco, pakuti nyama, nyemba, kapenta ndi bonongwe zonse ndi ndiwo. Zimadziwika ndi ubale wake ndi nsima.

Palinso nkhani ya kalembedwe. Ife kuno, potsata malamulo amene Unduna wa Maphunziro unavomereza mu 1977, timalemba cinthu ndi nchito, pamene abale athu a ku Malawi amalemba chinthu ndi ntchito. Kwa munthu amenewa ndi mau amodzi. Kwa makina ndi zilembo zosiyana, kufikira atauzidwa kapena ataona zitsanzo zokwanira. Popeza kuti zambiri za m'cinenero cathu zimene ziri pa intaneti zinalembedwa m'kalembedwe ka ku Malawi, musadabwe foni ikamakupatsani mau amene mwana wanu angacotseredwe nawo malikisi pa mayeso a kuno.

Zimene otsutsa anganene

Ndidziwa kuti ena a inu mukuti, "Kodi zimenezi zitikhudza bwanji ife amene tidzatumizidwa ku sukulu zopanda magetsi, kumene ana asanu amalimbirana buku limodzi?" Funso limeneli ndi loyenera, ndipo sindilipeputsa. Koma sukulu imene ndinaonako zija inalibe magetsi. Makina sanafike m'kalasi pa waya. Anafika m'thumba la mphunzitsi. Ndiponso mwana amene adzakhala pamaso panu m'Giredi 1 adzakula m'dziko limene uthenga wa mitengo ya mbeu, wa mankhwala a ziweto ndi wa matenda udzayamba wadutsa m'makina usanamufike. Kumukonzekeretsa sikulira kompyuta. Kulira mphunzitsi amene amafunsa kuti, "Liu limeneli litanthauzanji pano?"

Ena anganene kuti makinawa akupita patsogolo tsiku ndi tsiku, ndipo zolakwa zonga ya malume zidzatha zokha. N'zoona kuti akupita patsogolo. Google Translate inalandira Cicewa mu Disembala 2014, ndipo amene anaiyesa masiku amenewo ndi kuiyesanso lero aona kusintha. Koma funsani kuti kusinthako kwacokera kuti. Kwacokera ku zolembedwa za anthu. Wikipedia ya Cingerezi inapitirira nkhani 6 miliyoni mu 2020. Ya m'cinenero cathu iripo, koma nkhani zake n'zocepa kwambiri. Nkhokwe siidzadza yokha pamene palibe wolima. Ngati ana athu adzatuluka m'sukulu osatha kulemba ndime yolongosoka m'Cinyanja, makina a mawa adzaphunzira Cinyanja kwa makina a dzulo, ndipo colakwa cimodzi cidzabala zinzake.

Enanso, makamaka akulu anzanga, amati tingoletsa mafoni ndi mapulogalamu amenewa m'koleji. Ine sindigwirizana nawo. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo aka kamameta ndithu. Mphunzitsi wa kutali ndi laibulale atha kupeza m'kanthawi kocepa kufotokoza kwa kadamsana kapena kwa kayendedwe ka magazi kumene kale kukanamutengera ulendo wa ku boma. Cimene ndikana ndi kupereka ciweruzo cathu kwa nthumwi. Nthumwi imatumidwa, imabwera ndi mau, ndipo woituma ndiye amawayesa. Ngakhale amene anayambitsa Semantic Web, pojambula mapangidwe ake, anaika umboni ndi kukhulupirika pamwamba pa zonse, podziwa kuti mfundo yolembedwa mwadongosolo ikhoza kukhalabe yabodza.

Zimene mungacite m'kalasi mwanu

Coyamba, musaphunzitse liu lokha ngati mwana wamasiye. Liphunzitseni pamodzi ndi abale ake. Mukalemba bonongwe, funsani kuti ndi mtundu wa ciani, anzake ndi ati, umamera kuti, umadyedwa ndi ciani. Dulani timakadi m'makatoni akale, lembani liu limodzi pa kadi iri yonse, ndipo ana alumikize makadiwo pansi ndi luzi, akuchula ubale wake mokweza: "ndi mtundu wa", "ndi mbali ya", "amapangidwa kucokera ku", "ndi cosemphana ndi". Cimanga, mgaiwa, ufa, nsima, mthiko, m'phika ndi nkhuni zidzapanga ukonde pa dothi la kalasi. Umenewo ndi ukonde wa matanthauzo weniweni, ndipo sunadye ngwee iri yonse.

Caciwiri, m'magiredi apamwamba zoloweretsani ana kuphwanya ndime kukhala mfundo zazifupi za mbali zitatu. Atawerenga za miyambo ya Cigawo ca Kum'mawa, alembe: Kulamba, ndi mwambo wa, Acewa. Kulamba, ucitikira ku, Mkaika. Mkaika, ali m'boma la, Katete. Nc'wala, ndi mwambo wa, Angoni. Nc'wala, icitikira ku, Mtenguleni. Kenaka afunseni funso limene yankho lake silinalembedwe poyera, monga lakuti, "Kodi Kulamba ucitikira m'boma liti?" Mwana wolumikiza mfundo ziwiri kuti apeze yacitatu wayamba kuganiza, ndipo wasiyana ndi uja amene amangoloweza. Mudzaonanso kuti ziganizo zina, monga miyambi ndi mau okuluwika, zimakana kuphwanyidwa motere. Musabise zimenezo. Kambiranani ndi ana cifukwa cake, pakuti pamenepo ndi pamene adzaona kuti cinenero ndi cacikulu kuposa mndandanda wa mfundo.

Cacitatu, sewerani ndi mau a matanthauzo awiri. Perekani ciganizo conga ca mtengo wa mango, ndipo magulu awiri apange timasewero tiwiri toonetsa matanthauzo ake onse. Pambuyo pake gulu liri lonse lionjezere mau ocepa amene angacotse cikayiko. Mwana wozolowera zimenezi adzadziwa kulemba momveka, ndipo adzadziwanso kuzindikira pamene womasulira, kaya ndi munthu kaya ndi makina, watola tanthauzo lolakwika.

Cacinai, mafunso awiri awa akhale a tsiku ndi tsiku m'kalasi mwanu: "Wanena ndani?" ndiponso "Iye wadziwa bwanji?" Ana awafunse pa mphekesera za m'mudzi, pa zolembedwa m'buku, ngakhale pa zonena zanu. Mphunzitsi woopa kufunsidwa amalera anthu amene adzakhulupirira ciri conse coonekera pa galasi. Safunsa anadya phula.

Cacisanu, kalasi liri lonse likhale ndi buku lake la mau. Atumeni ana kwa agogo ao kukafunsa maina a bowa, a nsomba, a udzu wofolerera, a mbali za ngolo, a magule ndi zoimbira zake. Liu liri lonse lilembedwe pamodzi ndi tanthauzo lake, ciganizo coonetsa kagwiritsidwe kake, ndi dera kumene linamvedwa. Mwana akabweretsa liu la Cinsenga, la Cikunda, la Citumbuka kapena la Cinyanja ca m'tauni, musalitaye; lilembeni pambali pa linzake ndi kuonetsa kuti ndi maina awiri a cinthu cimodzi. Mtanthauziramau wamkulu woyamba wa cinenero cathu, wa David Clement Scott wa mu 1892, unapangidwa pomvetsera anthu ndi kulemba zimene ananena. Nchito imeneyo siinathe. Ndipo inu amene muli ndi foni ndi mpata, dziwani kuti Wikidata ndi Wikipedia zimalola munthu ali yense kuonjezera maina ndi nkhani m'cinenero cake popanda kulipira. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko.

Cotsiriza ndi lamulo la inu eni. Musalowe m'kalasi ndi ciganizo cimene simungathe kuciteteza popanda foni. Makina akakupatsani phunziro, liwerengeni mokweza monga mukuwerengera amai anu. Pamene lilime lanu lapunthwa, imani, pakuti kawirikawiri pamenepo pabisala Cingerezi covala zovala zathu. Akakupatsani mwambi umene simunaumvepo, funsani munthu wamkulu musanaulembe pa bolodi.

Mau otsiriza

Malamulo onena za cinenero cophunzitsira m'sukulu zathu asintha kangapo ciyambire 1966, ndipo angathe kusinthanso inu muli pa nchito. Makina nawonso adzasintha, ndipo maina amene ndachula muno ena adzaiwalika. Cimene sicidzasintha ndi cakuti tanthauzo limakhala mwa anthu olankhulana, ndipo limafika m'buku kapena m'kompyuta pokhapokha wina atalinena momveka. Anthu amene adzanene matanthauzo a Cinyanja m'zaka zikudzazi ali m'makalasi amene inu mukupitako.

Wophunzira wathu uja ndinamupempha kuti abwereze phunziro lake m'mawa mwake. Anatembenuza pepala lija, naitana kamtsikana kaja kuti kabwere kutsogolo, nakapatsa coko. Kanalemba atate aang'ono, atate aakulu, amalume, azakhali, ndipo anzake anayamba kukangana za amene ali msuweni ndi amene sali. Belu linalira mkangano usanathe, ndipo palibe mwana amene anathamangira panja.

Zoti mukambirane m'magulu

1. Pezani mau asanu a Cinyanja amene alibe liu limodzi lofanana nawo m'Cingerezi, ndipo fotokozani tanthauzo la liri lonse m'Cinyanja momwe mungafotokozere mwana wa Giredi 4.

2. Sankhani ndime imodzi m'buku lowerenga la ana ndi kuiphwanya kukhala mfundo za mbali zitatu. Kodi ndi ciani ca m'ndimeyo cimene catayika?

3. Mwana wakutsutsani m'kalasi ndipo mwazindikira kuti akunena zoona. Kodi mudzacita ciani, ndipo cifukwa ninji?